Paki ya Agiriki Iyambe ndi Nthano

Kutali ku Ulaya kuli dziko dzina lake Grécia. Anthu ake ndi Agiriki. Kalekale, zaka zoposa 2500 zapitazo, Agiriki anali ndi nthano zambiri. Ankasimba za Zeus, mwini mphezi ndi mabingu, amene ankakhala pa phiri la Olimpo. Ankasimba za Poseidon, mwini nyanja. Ankasimbanso za Pégaso, kavalo wa mapiko.

Nthano zimenezi sizinafe. Lero anthu amazilemba m'mabuku, amazionetsa m'mafilimu, ndipo ena amamanga nazo mapaki. Paki yotere ndi malo aakulu a masewera. Muli akatungwe, mabwato ndi timasitima tothamanga pa njanji yokwera ndi kutsika. Mabanja amalipira pa cipata n'kusewera tsiku lonse.

Ku França, kumpoto kwa mzinda wa Paris, kuli Parc Astérix. Inatsegulidwa m'caka ca 1989, ndipo mbali yake imodzi ndi ya Agiriki. M'caka ca 1997 anamangamo njanji yaikulu ya matabwa n'kuipatsa dzina lakuti Tonnerre de Zeus, kutanthauza bingu la Zeus. Ku Alemanha, m'mudzi wa Rust, kuli Europa-Park. Kumeneko bwato la Poseidon linayamba kunyamula anthu m'caka ca 2000. M'caka comweco, ku Benidorm m'dziko la Espanha, anatsegula Terra Mítica, imene nayonso ili ndi mbali ya Agiriki.

Kumanga malo otere ndi cinthu cabwino. Koma womanga ayambire pati? Ena amayamba ndi kugula makina, kenaka n'kufuna dzina la Cigiriki loti alembe pa cikwangwani. Imeneyi si njira yabwino. Womanga ayambe ndi nthano, makina abwere pambuyo. Dzina lopanda nthano lili ngati mphika wokongola wopanda ndiwo. Mwana amauona, koma amapita ndi njala.

Nthano ya Ícaro

Ku Terra Mítica anaika katungwe wozungulira dzina lake Los Ícaros. Ku Parc Astérix anamanga kasitima dzina lake Le Vol d'Icare, kutanthauza kuuluka kwa Ícaro. Kodi Ícaro anali yani?

Ícaro anali mwana wa mmisiri wanzeru dzina lake Dédalo. Mfumu Minos inawatsekera awiriwa pa cilumba ca Creta. Dédalo anatola nthenga za mbalame, nazimata ndi phula, napanga mapiko. Asanauluke anamuuza mwana wake kuti asatsike kwambiri, cifukwa madzi a m'nyanja anganyowetse nthenga. Anamuuzanso kuti asakwere kwambiri, cifukwa dzuwa lingasungunule phula. Ícaro anakondwa ndi kuuluka, naiwala mawu a bambo ake. Anakwera, nakwerabe. Phula linasungunuka, nthenga zinamwazika, ndipo iye anagwera m'nyanja. Mpaka lero ku Grécia kuli cilumba dzina lake Icária.

Mwana amene sanamve nthano imeneyi amangozungulira pa katungwe basi. Akatsika amaiwala. Koma mwana amene waimva amayang'ana dzuwa, amagwira unyolo mwamphamvu, amadziona ngati Ícaro. Masewera ake amakoma kawiri. N'cifukwa cake womanga ajambule nthanoyo pa khoma, pamene anthu amaima pa mzere. Cithunzi coyamba cikhale ca nthenga ndi phula. Caciwiri cikhale ca bambo akulangiza mwana. Cacitatu cikhale ca dzuwa ndi nyanja. Mwana wa kalasi yoyamba sanadziwe bwino kuwerenga, koma zithunzi amaziwerenga.

Ulusi wa Ariadne

Dédalo yemweyo ndiye anamangira mfumu Minos nyumba ya njira zosokoneza. Wolowamo sankadziwa potulukira. M'kati mwake munali Minotauro, cilombo ca thupi la munthu ndi mutu wa ng'ombe. Mzinda wa Atenas unkakakamizidwa kutumiza anyamata 7 ndi atsikana 7 kuti cilomboco ciwadye. Mnyamata wina, Teseu, anapita kukathetsa zimenezi. Ariadne, mwana wamkazi wa mfumu, anamupatsa mpukutu wa ulusi. Teseu anamanga ulusiwo pa khomo, naumasula pang'onopang'ono polowa. Atapha cilombo, anatsata ulusi n'kutuluka ndi anzake.

Ku Terra Mítica anamanga nyumba yotere, dzina lake El Laberinto del Minotauro. Anthu amalowamo pa ngolo, ali ndi mfuti zoseweretsa zowombera zilombo. Anyamata amakonda zimenezo. Koma mtima wa nthanoyi si kuwombera ayi. Teseu akanapanda ulusi akanafera momwemo, ngakhale anali wamphamvu. Cinamupulumutsa ndi nzeru za Ariadne.

Womanga wabwino angabzale mitengo yaifupi ngati mpanda, n'kupanga njira zokhotakhota. Pa khomo, banja lililonse lipatsidwe cingwe. Mmodzi agwire nsonga, ena alowe. Agogo, amayi ndi mwana angathe kusewera onse pamodzi. Masewera otere safuna injini kapena magetsi. Amafuna kugwirizana basi.

Ana aang'ono asatsale

Pa makina othamanga kwambiri, alonda amayeza msinkhu wa mwana. Wamfupi saloledwa kukwera. Lamuloli ndi labwino, cifukwa limateteza moyo. Koma paki ikakhala ya makina otere okhaokha, mwana wa zaka 6 amangotsala panja n'kumalira. Makolo ake alipira, koma iye alibe gawo. Parc Astérix inacita bwino m'caka ca 2017 pomanga Pégase Express, sitima yoti makolo akwere ndi ana awo.

Agiriki anali ndi zinthu zinanso zoyenera ana. Ku Olímpia ankacita mipikisano kamodzi pa zaka 4 zilizonse. Mabuku a mbiri amati inayamba m'caka ca 776 Khristu asanabadwe. Mpikisano woyamba unali wothamanga mtunda wa mamita pafupifupi 192. Wopambana ankavekedwa nkhata ya masamba a mtengo wa azitona. Bwanji osakonza kabwalo ka mcenga, ana athamange, wopambana avekedwe nkhata ya masamba?

Ku Grécia kunalinso wosimba nthano dzina lake Esopo. Nthano yake ina ndi ya kalulu ndi fulu. Kalulu anadzitama ndi liwiro lake, nagona pa njira. Fulu anayenda osaima mpaka anapambana. Ana a ku Angónia ndi ku Niassa amawadziwa bwino kalulu ndi fulu, cifukwa amawamva m'nthano za agogo awo. Akamva ya Esopo amazindikira kuti Agiriki nawonso ankaphunzitsa ana awo ndi nthano za nyama.

Wosimba nthano amafuna bwalo. Agiriki ankamanga mabwalo a zisudzo m'mbali mwa phiri, mipando ya miyala itazungulira ngati mwezi wa theka. Bwalo la ku Epidauro likadalipo, ndipo mungakhale anthu oposa 12000. Paki ikhale ndi kabwalo kotere, pa mthunzi, kopanda phokoso la makina. Munthu aime pakati, asimbe nthano ndi pakamwa pake.

Paki inene zoona

Womanga asanamize ana. Mapaki ambiri amapaka nyumba za Agiriki utoto woyera wokha. Koma kacisi wamkulu wa ku Atenas, Partenon, amene anayamba kumangidwa m'caka ca 447 Khristu asanabadwe, anali ndi mbali zopakidwa utoto wofiira ndi wobiriwira ngati thambo. Mvula ndi mphepo ya zaka zambiri ndi zimene zinaucotsa. Womanga abwezere mitunduyo.

Mwana auzidwenso kusiyana kwa nthano ndi mbiri. Partenon ilipodi, munthu angathe kukaiona. Olímpia ilipodi. Koma kavalo wa mapiko ndi Minotauro ndi za m'nthano. Mwana akadziwa zimenezi sacita mantha usiku.

Eni mapaki ena anganene kuti paki si sukulu. Anthu amabwera kudzaseka ndi kudzakuwa, osati kudzaphunzira. Zoonadi, paki si sukulu. Koma nthano si mayeso. Madzulo ana akakhala pa moto kumvera agogo, palibe amene amawakakamiza. Amapempha okha nthano ina. Ndiponso makina othamanga amafanana m'mapaki onse. Cimene cimasiyanitsa mbali ya Agiriki ndi mbali zina ndi nthano zake. Womanga akazitaya, wataya cuma cimene anapita kukatenga.

Paki yabwino ya Agiriki imadziwika madzulo, pa cipata cotulukira. Mwana akanena kuti wakwera kanthu kothamanga, womanga wagwira theka la nchito. Koma akafika ku nyumba n'kusimbira mng'ono wake za mapiko a phula ndi za ulusi wa Ariadne, womanga wamaliza nchito yake.

Mafunso a ana ndi makolo

1. Kodi Dédalo anapanga mapiko ndi ciyani?
2. Cifukwa ciyani Ícaro anagwera m'nyanja?
3. Ndani anathandiza Teseu kutuluka?
4. Ndi nthano iti ya agogo imene ingakome itajambulidwa pa khoma la paki?