Chona wa agogo wakalamba: kodi mlandu wa mbalame za ku Matope ndi wake?

M'mawa wina mwezi wa Januwale, mvula itangokata, ndinaona mphaka wokalamba akutuluka m'tchire la kuseri kwa nyumba ina ku Matope ataluma kamwana ka pumbwa. Kanali kasanakhwime mapiko, mwina kanagwa m'chisa ndi mphepo ya usiku. Makolo ake ankalira mumtengo wa bwemba, kudumpha nthambi iyi ndi iyo. Mphakayo ankayenda motsimphina, nthiti zikuwerengeka, ubweya utathothoka pamsana. Mdzukulu wa pakhomopo, mnyamata wa ku sekondale, anatola mwala. Agogo ake anamugwira mkono.

"Usamugende, mwanawe. Zaka zonsezi chimanga chathu wachilondera ndani?"

"Koma agogo, atimalizira mbalame ameneyu. Makoswe sakuwathanso, wangotsala kutola tiana ta m'zisa."

Onse awiri ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi yandikhala pamtima kufikira lero.

Tiyambe ndi agogowo. Kuno mphaka ndi wantchito. Salowa pakhomo kuti azigonekedwa pampando, amalowa chifukwa cha makoswe. Masiku ano mabanja ambiri anasiya nkhokwe za panja poopa akuba, ndipo chimanga chimagona m'matumba m'nyumba momwemo, pafupi ndi nandolo ndi mtedza. M'dera lotentha ngati la Matope, kumene mvula imatha kudula msanga, thumba limodzi lobooledwa ndi khoswe ndi masabata a njala mwezi wa Febuluwale. Wopanda mphaka kawirikawiri amathamangira tameki wa pamsika, ndipo tameki sasankha. Amapha khoswe, amapha nkhuku imene yajompha nyambo, amapha galu, amapha kadzidzi amene wadya khoswe wofooka, ndipo mwana wokwawa akamupeza pansi pa thumba, pamudzi pamagwa maliro. Wokonda mbalame amene akuti amphaka achoke onse ayenera kuyankha kaye kuti m'malo mwawo mubwera chiyani.

Komabe tisamukometsere chona mopitirira. Kafukufuku amene anachitika m'makomo a kumudzi ku Eswatini, n'kusindikizidwa mu 2017, anapeza kuti makoswe ankachepetsa kwambiri kuyendayenda pakhomo pamene pali mphaka ndi galu pamodzi. Pamene panali mphaka yekha, kusiyana kwake sikunali kwakukulu. Ndiye kuti ulonda wa mphaka ulipo, koma ndi wocheperapo kusiyana ndi m'mene timauyamikira tikamacheza pakhonde.

Mnyamata uja nayenso ali ndi mboni, ndipo mboni zake n'zolemera. Mu 2013, Scott Loss, Tom Will ndi Peter Marra anasindikiza kafukufuku woyerekeza kuti ku United States amphaka amapha mbalame pakati pa 1.3 biliyoni ndi 4 biliyoni chaka chilichonse. Kafukufuku wina wa mu 2016 anasonyeza kuti amphaka anathandizira kutheratu kwa mitundu 63 ya zamoyo padziko lapansi, ndipo 40 mwa iyo inali ya mbalame. Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya chilumba cha Marion, cha dziko la South Africa, kutali kum'mwera m'nyanja yamchere. Mu 1949 anthu anapititsako amphaka asanu kuti akathane ndi mbewa pa siteshoni ya zanyengo. Pofika 1977 anali atachuluka kufika pafupifupi 3,400, ndipo ankapha mbalame za m'nyanja pafupifupi 450,000 pachaka. Mbalamezo zimaikira mazira m'mauna apansi, choncho kwa mphaka zinali zosavuta kugwira kuposa mbewa. Panatenga zaka zambiri ndi ndalama zochuluka kuti mphaka womaliza achotsedwe mu 1991. Mbewa zija zilipobe, ndipo lero ndi zimene zikudya ana a mbalame ali amoyo m'zisa. Amphaka asanu okha anayambitsa zonsezi, ndipo ntchito imene anawatumira sanaigwire.

Pafupi ndi kwathu kuno, ku Cape Town, ofufuza anamangirira timakamera pa amphaka a m'makomo. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2020 zinasonyeza kuti zinthu zoposa 80 pa 100 zilizonse zimene mphaka wagwira safika nazo pakhomo. Amadyera konko kapena kungozisiya. Zambiri zinali abuluzi ndi tinyama tina tating'ono. Choncho mwini mphaka akanena kuti, "Wangayu sagwira mbalame, sindinamuonepo," akunena zimene maso ake aona basi.

Koma Matope si chilumba. Mbalame za ku Marion zinali zisanaonepo chilombo cha miyendo inayi. Zathuzi zakhala ndi vumbwe kuyambira kalekale, ndipo mphaka wa pakhomo anachokera ku mtundu wa vumbwe yemweyo. Njiwa, mpheta, atimba, zinziri ndi nkhwali zimadziwa kuti m'udzu mumabisala zikhadabo. Atchete amapachika zisa zawo kunsonga kwa nthambi ndi pa bango la m'mbali mwa Shire, pamene chilombo cholemera sichingafike. Apa agogo apambana pang'ono. Pang'ono pokha, chifukwa vumbwe amakhala mmodzi m'dera lalikulu, ndipo zakudya zikachepa naye amachepa. Amphaka a m'mudzi amakhala ambiri pamalo amodzi, amapeza mkute m'makomo, ndipo mphaka wamkazi amatha kuswa kawiri kapena katatu pachaka. Mbalame zinazolowera mdani mmodzi m'thengo lonse, tsopano zikukumana ndi mdani kuseri kwa khomo lililonse.

Ngakhale zili choncho, aliyense amene wakwera minibasi kudutsa pa Zalewa amadziwa kumene mbalame zambiri zathera. Matumba a makala amandanda m'mphepete mwa msewu, ndipo njinga zolemedwa zimalowera ku Blantyre kusanache. Mtengo wa tsanya, umene makala ake amakondedwa chifukwa sapsa msanga, ndi womwenso uli ndi mphako zogonamo mbalame. Mtengo umodzi ukagwa, zisa za zaka zonse zam'tsogolo zagwera limodzi. M'chilimwe timatentha tchire pofuna mbewa, ndipo moto umanyeketsa udzu wobisalamo zinziri ndi nkhwali. Akulu anati nkhanga zinapangana kusanapse, koma masiku ano kumapsa chaka chilichonse, malo othawira n'kumachepa. Palinso ulimbo ndi legeni za ana athu omwe. Ku Liwonde National Park, kumtunda kwa Shire yemweyu, katswiri wa mbalame Dr Tiwonge Mzumara-Gawa anafufuza mbalame zotchedwa Lilian's lovebird, zimene zimagona m'mphako za tsanya, ndipo chimodzi mwa zoopsa zimene anapeza ndi poizoni amene anthu osaka mozemba amathira m'zithaphwi zomwera nyama. Dziko la Malawi lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo ine sindikhulupirira kuti mphaka wa agogo ali patsogolo pa mndandanda wa adani ake. Ali pamndandandapo ndithu, koma nkhwangwa ndi machesi zili pamwamba pake.

Tsono funso la ukalamba, limene ndi phata la mkangano uja. Mphaka akadutsa zaka khumi thupi limayamba kusintha. Mano amagwedera ndi kuguluka, nkhama zimatupa, mafupa amawawa ndi nyamakazi, maso ndi makutu zimafooka, ndipo ambiri amadwala impso, n'chifukwa chake amamwa madzi kwambiri uku akuonda. Mphaka wotere amene akupeza chakudya pakhomo amatha tsiku lonse ali gone pamthunzi. Sathamangitsanso njiwa. Mwa amphaka onse a m'mudzi, iye ndiye woopsa pang'ono kwa mbalame. Koma mphaka yemweyo akamagona ndi njala, amasaka chimene sichingathawe ndiponso chosavuta kutafuna: tiana ta mbalame togwa m'chisa, anapiye, maunda a m'khola la nkhunda. Khoswe wamkulu amaluma, ndipo chona wopanda mano samuyandikira. Zimene mnyamata uja anaona zinali zoona, koma gwero lake linali njala.

Apa ndi pamene timalakwitsa zinthu. Mphaka akayamba kugwira anapiye timati wasanduka wakuba. Ena amamuika m'thumba n'kukamutaya kutsidya kwa mtsinje kapena kutali m'tchire. Tiana ta mphaka tikachuluka timatichita chimodzimodzi. Enanso, poona maso ake oyera ndi kulira kwake kwa usiku, amayamba kunong'ona za ufiti, pamene kulirako nthawi zambiri n'kwa ululu kapena kusokonezeka kwa ukalamba. Kadzidzi, amene amadya makoswe ambiri usiku, naye timamugenda pa chifukwa chomwecho. Mphaka wotayidwa akapulumuka amadalira kusaka kokha, ndipo m'kafukufuku wa ku United States uja, mwa mbalame 100 zilizonse zophedwa ndi amphaka, pafupifupi 69 zinkaphedwa ndi amphaka opanda mwini. Wotaya mphaka poganiza kuti akupulumutsa anapiye ake wangosamutsira vutolo ku zisa za m'thengo.

Ndikudziwa chimene wowerenga wa ku Matope anene: ndiwo zikuvuta za ana, nanga za mphaka zichokera kuti? Funsoli ndi lachilungamo ndipo sindikulipeputsa. Zakudya za amphaka za m'zitini zimene zili m'masitolo a ku Blantyre si za thumba la mlimi wa ku Matope. Koma mphaka ndi kanyama kakang'ono. Mitu ya usipa kapena bonya, matumbo a nsomba ophika, zotsala popha nkhuku, zikaviikidwa kuti mchere uchepe n'kuzinyenya kuti zifewe, zimamukwanira. Nsima yokha siimusunga, chifukwa thupi la mphaka linapangidwira nyama. Ofufuza a ku University of Exeter ku England anapeza mu 2021 kuti amphaka opatsidwa chakudya chokhala ndi nyama yambiri anachepetsa zinthu zobwera nazo pakhomo ndi 36 pa 100, ndipo oseweretsedwa mphindi zisanu mpaka khumi patsiku anachepetsa ndi 25 pa 100. Manambalawa amawerenga zofika pakhomo zokha, ndipo taona kale ku Cape Town kuti zambiri sizifika. Amasonyezanso kuti kukhuta sikuthetseratu kusaka. Komabe akuloza kumene nzeru ya pamudzi imaloza: wanjala ndiye amalusa.

Pali chinthu china chosalira ndalama, chimene ndikuganiza kuti chikanayanjanitsa agogo ndi mdzukulu wawo. Makoswe amayenda usiku, m'chipinda cha matumba. Mbalame zimatsika pansi kudzadya m'bandakucha ndi madzulo. Ife timachita mosemphana: kukada timatulutsa mphaka panja n'kutseka chitseko, makoswe n'kutsala okha ndi chimanga. Atamagona m'chipinda cha matumba kuyambira dzuwa likamalowa mpaka litakwera, fungo lake lokha lingathandize kuopseza makoswe, iye n'kupewa mphepo, agalu ndi afisi, ndipo mbalame zingadye m'mawa mwamtendere. Izi n'zofunika kwambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene mbalame zing'onozing'ono zambiri zimakhala zikulera. Pamafunika kabeseni ka mchenga pakona, chiguduli chogonapo ndi mbale ya madzi oyera, makamaka m'kutentha kwa Okutobala.

Chenjezo limodzi ndilinene mosabisa, chifukwa anthu achifundo ndi amene amagwa mumsamphawu. Musapatse mphaka Panado. Mankhwala amene amatichotsera ife mutu amawononga magazi ndi chiwindi cha mphaka, ndipo piritsi limodzi likhoza kumupha. Mankhwala ena ophera utitiri pa agalu nawonso ndi poizoni kwa amphaka. Funsani alangizi a ziweto musanathire chilichonse.

Chimene banja silingachite palokha ndi kuletsa amphaka kuswana. Kufula amphaka aamuna ndi kutseketsa aakazi kumafuna dokotala wa ziweto, ndipo kwa munthu wa ku Matope zimenezi zikutanthauza kunyamula mphaka mudengu mpaka ku Blantyre. Ndi ochepa amene angathe. Komabe taona kuti ntchito zotere zimatheka zikakonzedwa bwino: kuyambira 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu zikwizikwi katemera wa chiwewe ku Blantyre ndi maboma ena oyandikana nawo. Amphaka nawonso amatenga chiwewe ndipo amafalitsa. Ngati anthu amatha kusonkhana ndi agalu awo pabwalo la sukulu tsiku la katemera, palibe chovuta kuti tsiku lomwelo pakhalenso tebulo la amphaka.

Kwa mnyamata uja ndi anzake a m'makalabu a zachilengedwe m'sukulu za m'boma la Neno, ndikuti mkwiyo wanu uli ndi maziko, koma mwala muutaye. Werengani zisa zimene zili mumitengo ya pakhomo, letsani ang'ono anu kutchera ulimbo nyengo ya mvula, ndipo muzikumbutsa agogo kutsekera chona m'chipinda cha chimanga dzuwa likamalowa. Kwa akuofesi ya zaziweto ku khonsolo ya Neno pamodzi ndi mabungwe osamalira nyama a ku Blantyre, pempho langa ndi lakuti pa 28 Seputembala, tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse, mudzafike ku Matope ndi katemera ndi zipangizo zofulira amphaka.