Khasu lobwereka pa ntchito yolumikiza makanema

Kale ntchito yodula ndi kulumikiza makanema inali ya nyumba zoulutsira mawu ndi makampani achuma okha. Makina a Avid atatuluka mu 1989, mtengo wake unali madola zikwi makumi angapo. Chaka chotsatira kampani ya NewTek inatulutsa Video Toaster, chipangizo cha pa kompyuta ya Amiga, ndipo masiteshoni aang'ono a ku America anachilandira ndi manja awiri. Adobe Premiere inabwera mu 1991.

Koma khomo linatseguka kwenikweni pamene makamera a matepi a DV ndi nthambo ya FireWire zinalola munthu kusamutsira kanema mu kompyuta popanda chipangizo china chodula. Mu 1999 Apple inayamba kugulitsa Final Cut Pro pa madola 999 ndi kuika iMovie mu makompyuta ake ena. Mu 2000 Microsoft inaphatikiza Movie Maker mu Windows, ndipo ambiri anaphunzirira pamenepo.

Anthu amakonda kuithera pomwepa mbiriyi, ngati nthano yokoma. Iwo amaiwala kuti chida chotsika mtengo chingakhalebe cha mwini wake. Mu 2011 Final Cut yatsopano inakana kutsegula ntchito zolumikizidwa ndi yakale. Mu 2013 Adobe inasiya kugulitsa mapulogalamu ake atsopano kamodzi n'kamodzi, n'kuyamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi. Mu 2017 Movie Maker inachotsedwa. Uku n'kulima ndi khasu lobwereka, limene mwini wake angalilande munda usanathe.

Kwa mnyamata wa ku Lilongwe, Chipata kapena Tete amene amadya za kujambula maukwati ndi makwaya, vutoli si lamasewera. Amalandira makwacha kapena metikali, koma amalipira madola kudzera pa khadi la kubanki, limene mwina alibe. Mwezi umene walephera, pulogalamu imatsekeka, ntchito ya kasitomala ili pakati.

Ena anganene kuti DaVinci Resolve ilipo yaulere. N'zoona, ndipo ndi yamphamvu, koma imafuna kompyuta yamphamvunso, komanso ulerewo ndi chifuniro cha kampani ya Blackmagic Design. Kdenlive ndi Shotcut n'zosiyana: chilolezo chake chimapatsa aliyense ufulu wozikopera, kuzisintha, ngakhale kuzimasulira m'Chinyanja. Zili ndi zofooka, ndipo nthawi zina zimaima ntchito ili mkati. Komabe wophunzitsa achinyamata lusoli ayambire pa zimenezi, chifukwa fayilo yolumikizidwa lero idzatsegukabe ngakhale m'mwezi umene ndalama zasowa.