Mphaka nayenso abayidwe katemera wa chiwewe

Lero tikambe za mphaka. Akalengeza za katemera wa chiwewe, mumamanga galu chingwe n'kuthamanga naye, mphaka n'kumusiya akuwodzera pakhonde. Ine ndikuti kumeneko n'kulakwitsa.

Mphaka ali ndi chitetezo cha m'thupi ngati ife. Kachilombo ka chimfine cha amphaka kakamulowa, thupi limatentha, asilikali a m'magazi amakathira nkhondo, ndipo amphaka ambiri amachira. Ana a mphaka chitetezo choyamba amachipeza mumkaka woyamba wa mayi wawo, koma chimatha pakapita milungu ingapo.

Kachilombo ka chiwewe ndiye n'kochenjera. Kamalowa ndi malovu pabala, n'kubisala mkati mwa mitsempha, kumayenda pang'onopang'ono mpaka ku ubongo asilikali aja osakaona. Pomwe thupi lizidzidzimuka, madzi amakhala afika kale m'khosi. Ntchito ya katemera ndi kudziwitsiratu asilikali nkhope ya mdaniyo, kuti akangolowa amugwire asanafike m'mitsempha.

Ena mukuti, "Mphaka wanga sachoka pakhomo." Nanga usiku mukagona mumamuona? Amazungulira kunkhokwe ndi kutchire, n'kulimbana ndi agalu oyendayenda. N'zoona kuti anthu ambiri amatenga chiwewe kwa agalu. Koma amanyamula mphaka pachifuwa ndani? Amagona naye pamphasa ndani? Ndi mwana wanu. Ndipo mwana akalumidwa kapena kukandidwa, kawirikawiri amabisa poopa kukalipiridwa.

Ndiye chonde:

Mphaka akakwana miyezi 3, funsani alangizi a ziweto amubaye, ndipo muzibwereza monga akuuzirani.

Mphaka akasintha khalidwe, kuyamba ukali kapena kuchucha dovu, musamugwire. Chotsani ana, uzani alangizi.

Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musathirepo tsabola, mchere kapena mankhwala azitsamba. Kabala kakang'ono musakaderere.

Katemera wa munthu amagwira ntchito zizindikiro zisanayambe. Munthu akayamba kuopa madzi, palibe mankhwala omuchiritsa.

Pa 28 Seputembala dziko lonse limakumbukira za chiwewe, koma inu musadikire tsikulo. Uzaninso ana madzulo ano kuti akakandidwa azinena, simuwakalipira.

Kwanuko amphaka amabayidwa? Tiuzeni, ndipo uthengawu muwafikitsire anansi anu.