Bwanji Yesu sanawale pa mtanda?

Pepani kuti ndakhala chete kwa masabata angapo. Inali nyengo ya mayeso oyeserera a Fomu 4 ndipo mapepala ochonga anali mulu. Lero ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu kuyambira tsiku limene mwana wina wa m'kalasi mwanga anandifunsa funso limene sindinaliyankhe bwino.

Tinkawerenga Luka mutu 9, pamene Yesu anakwera phiri ndi Petro, Yohane ndi Yakobo kukapemphera, nkhope yake n'kusandulika, zovala zake n'kuwala kuti mbee. Mtsikana wina wokhala kumbuyo, yemwe sakonda kuyankhula, anakweza mkono. "Sala," anatero, "ngati Yesu anali ndi kuwala kotere, bwanji sanawale pa mtanda kuti asilikali aja athawe? Ulemerero wakewo unapita kuti pa tsiku limene unkafunika?" Anzake anaseka. Ine ndinamuuza zoti akalembe pa mayeso, belu n'kulira, n'kutuluka. Koma mumtima ndinadziwa kuti mwanayo sankafunsa za mayeso.

Nditaganiza mofatsa, maganizo anga ndi awa: ulemerero uja sunapite kulikonse. Unali pomwepo pa Gologota, kungoti ife timaufunafuna pamalo olakwika. Tikamva mawu akuti ulemerero timaganiza za mdipiti wa galimoto za mtsogoleri wa dziko, apolisi a njinga zamoto ali patsogolo, anthu atandandalika m'mbali mwa msewu. Olemba Uthenga Wabwino ankadziwa kuti anthufe timaganiza chonchi, ndipo anachita dala kutitembenuza mutu.

Tiyambe ndi pa phiri pomwepo. Mose ndi Eliya ataonekera, ankakambirana chiyani ndi Yesu? Luka akutiuza pa ndime 31 kuti nkhani yake inali ya ulendo wake wotsiriza, umene ukathere ku Yerusalemu. Kuwala kuli mkati, nkhani ili pa imfa. Petro anafuna kumanga misasa itatu kuti angokhala pomwepo, koma sizinatheke, anatsika phirilo.

Ndiye onani Marko 10:35-45. Yakobo ndi Yohane, ana a Zebedayo, anapempha mipando iwiri mu ulemerero wa Yesu, wina kumanja wina kumanzere. Masiku ano tingati ankafuna unduna chisankho chisanachitike n'komwe. Yesu anawafunsa ngati angathe kumwera chikho chimene iye adzamwere. Tsopano tsegulani mutu 15 ndime 27. Kumanja ndi kumanzere kukutchulidwanso, koma amene ali pamalopo ndi achifwamba awiri opachikidwa. Malo amene anyamata aja ankalimbirana anali mitanda, iwo osadziwa.

Yohane ndiye amanena poyera. Katatu konse, pa 3:14, 8:28 ndi 12:32, akugwiritsa ntchito mawu amodzi, kukwezedwa, kutanthauza zinthu ziwiri nthawi imodzi: kupachikidwa pamtengo ndi kupatsidwa ulemu. Pa mutu 13, Yudasi atangotuluka mumdima kukamupereka, mpamene Yesu akulengeza kuti nthawi ya ulemerero wake yakwana. Ndipo pa mutu 12 akupereka fanizo la mbewu imene iyenera kugwa m'nthaka. Ife ana a alimi tisavutike nalo fanizoli. Chimanga chimene mwachisunga m'nkhokwe chimangodikira anankafumbwe. Chimene mwachikwirira mvula yoyamba itagwa ndi chimene chimadzadyetsa banja.

Vuto lathu n'lakuti mtanda tinauzolowera. Timauvala m'khosi, timaujambula pa zitenje za mvano ndi pa minibasi. Kwa anthu a nthawi ya Yesu mtanda unali chinthu chochititsa manyazi kuchitchula. Aroma ankapachika akapolo ndi oukira boma, ndipo nzika ya Roma kawirikawiri sinkaphedwa mwa njira imeneyi. M'chaka cha 71 Yesu asanabadwe, atagonjetsa akapolo amene anaukira motsogozedwa ndi Spartacus, Aroma anapachika anthu pafupifupi 6,000 m'mbali mwa msewu wochokera ku Capua kupita ku Roma. Kwa Ayuda, Deuteronomo 21:23 ankaphunzitsa kuti wopachikidwa pamtengo ndi wotembereredwa. Mu 1857 ku Roma kunapezeka chithunzi chakale chozokotedwa pakhoma, cha munthu wa mutu wa bulu ali pa mtanda, wina atakweza dzanja kumupembedza. Wojambulayo ankanyoza Mkhristu wina dzina lake Alexamenos. Ndi mmene anthu ankaonera chikhulupiriro chimenechi: kupembedza munthu wolephera. Koma Akhristu oyambirira sanabise mtanda. Paulo, polembera Akorinto, anavomera kuti uthengawu umaoneka wopusa, komabe anakana kulalikira china.

Mu Epulo 1518, pa msonkhano wa amonke anzake ku Heidelberg m'dziko la Germany, Martin Luther anasiyanitsa anthu awiri. Woyamba amafunafuna Mulungu mu mphamvu, m'kupambana ndi m'zinthu zooneka zokongola. Wachiwiri amamufunafuna pamene Mulunguyo anasankha kudzionetsa, m'kufooka ndi m'masautso a pa mtanda. Luther anati woyambayo amasokoneza zabwino ndi zoipa, wachiwiriyo ndiye amatchula chinthu ndi dzina lake lenileni. Kaya ndinu a mpingo wanji, papita zaka zoposa 500 koma anthu awiri aja alipobe pakati pathu.

Tsegulani wailesi Lamlungu m'mawa mumve. Chino ndi chaka chako chokwezedwa, galimoto yako ikubwera, ingofesa mbewu mu envulopu. Sindikunena kuti Mulungu amadana ndi galimoto, inenso nditaipeza ndingathokoze. Chimene chimandiwawa ndi zotsatira za ulaliki wotere. Mayi amene wadwala khansa, wapemphera, wasala kudya, koma sakuchira, amauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Mnyamata amene wakhoza mayeso koma wasowa fizi amayamba kuganiza kuti m'banja mwawo muli temberero. Munthu amanyamula katundu muwiri: vuto lakelo, ndi maganizo akuti Mulungu wamuthawa. Chikhala kuti muyeso wa chikondi cha Mulungu ndi kupeza bwino, ndiye kuti pa Lachisanu Loyera wokondedwa anali Pilato.

Ife a Malawi tili ndi chitsanzo chathuchathu. Pa 8 Malichi 1992, Lamlungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko muno munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kusowa kwa ufulu woyankhula, kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu, malipiro ochepa a anthu apantchito ndi mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala. Nthawi imeneyo kungodandaula pa basi kunali kokwanira kuti munthu asowe. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Ambuye James Chiona ndi anzawo anaitanidwa kupolisi kukafunsidwa. Malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka, kumene kalatayo inasindikizidwa, anatenthedwa. Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko muno mu Epulo chaka chomwecho. Palibe anawala pa masiku amenewo. Panali mantha okhaokha. Koma pa 14 Juni 1993 a Malawi anavota pa riferendamu n'kusankha ndale za zipani zambiri, ndipo ambiri olemba mbiri ya kusinthaku amayambira pa kalata ija. Mpingo unalemekezeka pa nthawi imene unavomera kutaya chitetezo chake chifukwa cha anthu amene analibe pokamba.

Apa ndiyenera kuchenjeza, chifukwa chiphunzitso chimenechi chikagwera m'manja olakwika chimapha. Ndamvapo anthu akuuza mayi amene mwamuna wake amamumenya usiku uliwonse kuti umenewo ndi mtanda wake, banja n'kupirira. Ayi ndithu. Kumenyedwa si nsembe, ndi nkhanza, ndipo lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo m'dziko muno kuyambira 2006. Mwana akamwalira chifukwa kuchipatala kunalibe mankhwala amene wina anaba, tisanamizire Mulungu kuti akuonetsa ulemerero wake. Yesu yemweyo amene anasenza mtanda ankachiritsa odwala, kudyetsa anjala ndi kugubuduza matebulo a anthu odyera anzawo masuku pamutu. Ku Nazarete atafuna kumuponya kuphompho, anadutsa pakati pawo n'kuchoka. Sankasaka masautso. Anawalandira pamene chikondi ndi choonadi zinamufikitsa pamenepo, ndipo anawalandira mwa kufuna kwake. Chimene chimawala pa mtanda ndi chikondi chimene chinakana kubwerera m'mbuyo, ululuwo pawokha ndi woipa basi. Amene akukuuza kuti upirire pamene iye ndi amene akupindula ndi kupirira kwakoko, samala naye. Akuyankhula ngati asilikali aja.

Nanga ulemerero wotere tingauone kuti lero? Pitani ku chipatala chilichonse cha boma madzulo. Mukaona amayi odikirira odwala akuphika phala pa mafuwa kunja, ena atayala chitenje pa simenti pafupi ndi bedi la m'bale wawo, sabata yachitatu asanaone kwawo, munda utamera thengo. Kumbukirani agogo a m'midzi mwathu pa zaka zimene Edzi inkasesa anthu, boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004. Anaika ana awo m'manda mmodzimmodzi, kenako n'kutola zidzukulu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, n'kuyambanso kulera ali ndi msana wopindika. Ambiri mwa ana amenewo lero ndi anamwino, aphunzitsi ndi amakaniko. Agogowo sanalembedwe m'nyuzipepala, ndipo ambiri anamwalira m'nyumba zodontha. Ine ndikafunsidwa kuti nkhope ya Khristu ndinaiona kuti, ndiloza kumeneko ndisanaloze pa guwa la makapeti ofiira.

Wina anena kuti, koma aphunzitsi, mwaiwala kuuka kwa akufa. Sindinaiwale. Popanda Pasaka, Lachisanu Loyera likanangokhala maliro ngati ena onse. Koma taonani kuti Yesu wouka uja anabwera ndi zipsera zake, mpaka anamuitana Tomasi kuti azikhudze. Pasaka sinafafanize mtanda. Inatsimikiza kuti njira ija, ya kudzipereka chifukwa cha ena, ndi imene Mulungu akuivomereza. Ndipo pa njira ya ku Emau, mu Luka 24, Yesu anawadzudzula ophunzira awiri aja chifukwa cholephera kuona kuti masautso ndi ulemerero zinali ulendo umodzi.

Sabata yatha ndinamuitana mtsikana uja pa nthawi ya buleki. Ndinamuuza kuti funso lake linali labwino kuposa yankho langa, ndipo ndinamupempha awerenge Marko 15:39, pamene mkulu wa asilikali, Mroma wosadziwa malemba, anazindikira kuti Yesu ndi ndani poona mmene anafera. Anawerenga, n'kukhala chete kanthawi. Kenako anandiuza kuti amayi ake akhala akudwala kuyambira chaka chatha, ndipo azakhali ake anasiya geni yawo ya tomato kuti aziwasamalira. Anafunsa ngati zimenezo nazonso zikuwerengedwa. Ndinati inde, mwanawe, zikuwerengedwa.

Inu mukuti bwanji? Ngati mukuona kuti ndaphonya penapake, ndiuzeni, tiphunzitsane. Mulungu akusungeni mpaka tidzachezenso.