Tilembo ting'onoting'ono ta pa sikelo

Nyengo yokolola ikafika, mavenda amakoleka masikelo pansi pa mitengo m'misika ya kumudzi. Ambiri anasiya aja okhala ngati wotchi, pano ali ndi a batire oonetsa manambala pa kagalasi. Alimi amawakhulupirira poti makina sanama. N'zoona sanama, koma amachita zomwe chala chawauza.

Pali batani lolembedwa UNIT, pena MODE. Limasintha muyeso: kg, g, lb, ndipo masikelo ena ochokera ku China alinso ndi jin, yomwe ndi theka la kilogalamu. Paundi imodzi ndi magalamu pafupifupi 454, choncho nyama ya kilogalamu imodzi imaonetsa 2.2 sikelo ikakhala pa lb. Wogula m'butchala akangoyang'ana nambala yaikuluyo, osaona tilembo tiwiri ta pambali, atha kulipira ya makilogalamu awiri n'kunyamula yosakwana ngakhale imodzi.

Lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri ndi TARE. Ntchito yake ndi yabwino ndithu: mukaika beseni lopanda kanthu n'kudina, nambala imabwerera pa ziro, ndiye chomwe chiyezedwe ndi nandolo yekha. Vuto ndi loti sikelo imakumbukira kulemera komwe yachotsako. Munthu akadina TARE atakolekapo mwala wa makilogalamu awiri, kenako n'kuuchotsa, kagalasi kamaonetsa -2. Thumba la soya la makilogalamu 50 likakwera liwerengedwa 48. Wobwera ndi matumba khumi pa ngolo wasiya makilogalamu 20 kwa venda, akuthokozanso pochoka. Masikelo ambiri amayatsa kalembo koti NET pamene TARE ikugwira ntchito, koma ndani amayang'ana zimenezo dzuwa likuswa mtengo, anthu ali pamzere? Ine ndimati mlimi asakweze thumba asanaone ziro ndi maso ake. Akakayika, auze venda azimitse sikelo n'kuiyatsanso ilibe kanthu. Woona mtima sangakwiye nazo.

HOLD ilibe nkhani zambiri: imaimitsa nambala kuti muwerenge bwino, makamaka poyeza mbuzi yosakhazikika. Ingoonetsetsani kuti nambala yaimayo si ya katundu wa mnzanu amene watsogola.

Chovuta kuchigwira ndi chobisika m'kati, pomwe sikelo imaphunzitsidwa kuti kilogalamu ndi yolemera bwanji. Wodziwa mabatani ake atha kuisokoneza kuti izidya pang'ono pa kilogalamu iliyonse, ziro ikuoneka bwinobwino. N'chifukwa chake bungwe la Malawi Bureau of Standards limayendera masikelo a malonda n'kuikapo chizindikiro, ndipo mlimi ali ndi ufulu wofunsa kuti achione. Ena amayesa ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, koma pa sikelo ya matumba kusiyana kwake kumachepa moti sikuoneka. Bola madzi: lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye chigubu chokhala ndi malita 20 enieni chiyenera kupitirira pang'ono makilogalamu 20, poti chigubucho nacho chili ndi kulemera kwake. Chikaonetsa 19, senzani soya wanu mukagulitse kwina.