Mafuta a dazi: katundu woyenda, koma lonjezo lake ndi ngongole

Pa katundu amene amatsika mu Ilala ikaima pa Likoma, timabotolo ta mafuta a tsitsi sitisowa. Tina ndi ta nsatsi, tina ta chamwamba, tina ta malambe, ndipo tina talembedwa kuti timameretsa tsitsi pa dazi m'masabata awiri. Kwa wamalonda wa ku Khuyu, katunduyu ndi wokopa: salemera, saola ngati tomato, ndipo safuna furiji. Komanso Khuyu ndi mudzi umene unatchuka kalekale ndi mankhwala azitsamba, choncho ogula sachita kuwakakamiza.

Vuto lili pa mawu amene wogulitsa amanena popereka botolo.

Tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Ndiye wolonjeza masabata awiri wanama kale botolo lisanatsegulidwe. Dazi la kumtundu, lija limayambira pamphumi ndi pa liwombo, limabwera chifukwa cha mahomoni ndi chibadwa, ndipo palibe kafukufuku wodalirika amene anaonetsa kuti mafuta a nsatsi amalibweza. Mafutawa amafewetsa tsitsi ndi kuliteteza kuti lisamaduke. Imeneyo ndi ntchito yabwino, yoyenera ndalama yake, koma si kumeretsa.

Mankhwala amene madokotala amawavomereza pa dazi ndi minoxidil, amene dziko la America linaloleza mu 1988, ndi finasteride, mu 1997. Ngakhale amenewa amafuna miyezi ingapo kuti zotsatira zioneke, ndipo munthu akasiya, tsitsi limayambanso kuthothoka. Si katundu wa pa benchi. Lamulo la 2019 linapereka mphamvu yoyang'anira mankhwala ku bungwe la PMRA, ndipo wogulitsa mankhwala amafunika chiphaso.

Otsatsa mafuta a rosemary amakonda kutchula kafukufuku wa ku Iran wa mu 2015. Alipodi: amuna 100 anayesedwa kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mafutawa anafananako ndi minoxidil wa mphamvu yochepa. Koma ndi kafukufuku wamng'ono, ndipo sanena kanthu za botolo lopanda dzina la wopanga limene munthu wapikula pa Nkhata Bay kapena ku Mzuzu.

Chimene ambiri saganizira n'chakuti makasitomala obwera ndi dandaulo la tsitsi sadwala matenda amodzi. Mayi amene wabereka miyezi itatu yapitayo tsitsi lake limayoyoka, kenako limamera lokha. Akagula mafuta, mafutawo amalandira ulemu wa ntchito imene sanagwire. Mtsikana amene tsitsi latha m'mbali chifukwa cha meshi yomangitsa kwambiri akufunika kumasula ndi kupumitsa mutu. Akachedwa, malowo amasanduka chipsera ndipo sipameranso. Apa amasaluni ndi amene ali ndi udindo waukulu kuposa ogulitsa mafuta, ngakhale sakonda kumva zimenezi.

Nkhani yoopsa ndi ya ana. Mwana wa zipere za m'mutu mafuta samuchiritsa, ngakhale mankhwala opaka paokha sakwanira. Amafunika mapilitsi akumwa kwa masabata angapo, ndipo chipatala cha St Peter's chili pachilumba pomwepo. Wogulitsa amene wapatsa kholo botolo m'malo molilozera kuchipatala wapha ndalama ya tsiku limodzi, koma zipere zija zifalikira kwa abale ake ndi anzake a m'kalasi kudzera m'chipeso ndi makina ometera.

Ena anena kuti malonda ndi malonda, wogula amadzisankhira yekha. Mawu amenewo angagwire ntchito ku Limbe kapena pa depoti ya Lilongwe, pamene wogula wa lero simudzamuonanso. Boma lonse la Likoma, kuphatikizapo Chizumulu, linali ndi anthu osakwana 15,000 pa kalembera wa 2018. Bambo amene wanamizidwa za dazi ndi yemweyo amagula sopo, shuga ndi mchere pa okala yomweyo, ndipo madzulo amakhala pagombe ndi asodzi anzake, mutu wake uli poyera ngati umboni. Phindu la botolo limodzi silingalipire kasitomala wa chaka chonse amene wasamukira kwa mnzanu wa ku Mbamba.

Mafuta a tsitsi agulitsidwe ndithu, monga mafuta odzola. Wooda ayambe ndi timabotolo tochepa kuti mpamba usagone pa shelefu podikira sitima ina, asankhe tokhala ndi dzina la wopanga ndi tsiku lotha ntchito, ndipo asatiyanike padzuwa chifukwa mafuta a zomera amasasa msanga akatenthedwa. Wogula akafunsa ngati ameretsa dazi, yankho ndi lalifupi: "Ayi bambo, awa ndi ofewetsa tsitsi limene lilipo."