Malamulo a pantchito afotokozedwe tsiku loyamba

Ambiri mwa ife tikamaliza maphunziro tidzakasaka ntchito m'madera ngati Bua ku Nkhotakota. Kumeneko kuli sikimu ya mpunga, minda ya nzimbe cha ku Dwangwa, ndiponso malo ogona alendo odzaona nkhalango ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks likuisamalira kuchokera mu 2015. Funso langa ndi ili: kodi wantchito watsopano amauzidwa liti malamulo a pantchito?

M'malo ambiri m'dziko muno amangomupatsa yunifolomu n'kumuuza kuti aziona zomwe anzake akuchita. Lamulo amadzalimva tsiku lomwe waliphwanya, akulandira kalata ya chenjezo. Izi si chilungamo.

Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limalamula wolemba ntchito kupereka kalata yonena za malipiro ndi maola ogwirira ntchito. Limanenanso kuti munthu asachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe lake asanapatsidwe mwayi woyankhapo. Nanga adzayankha bwanji pa lamulo lomwe sanalimvepo?

Komabe kalata payokha siikwanira. Pepala la m'Chingerezi losainitsa mothamanga limateteza bwana yekha. Kapitawo akhale pansi ndi wantchitoyo, amufotokozere m'Chichewa, kenako amulole kufunsa. Ku Bua nkhaniyi ikukhudza moyo: mumtsinje muli ng'ona, m'nkhalango muli njovu zomwe zinasamutsidwa ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, ndipo m'minda amapoperamo mankhwala. Mtsikana woyamba ntchito adziwenso komwe angakadandaule wina akamamuvutitsa kuti agone naye.

Mabwana ena amati nthawi yokolola ilibe mpata wa misonkhano. Koma ola limodzi lofotokozera ndi lotchipa kusiyana ndi ngozi kapena mlandu ku khoti la anthu apantchito.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Lamulo lomweli limapereka maola 24 opuma munthu akagwira masiku asanu ndi limodzi, pa tsiku lozolowereka kapena lomwe mbali ziwiri zagwirizana. Choncho nkhani ya Sabata tiinene mwaulemu tisanasaine, ndipo zomwe tagwirizana zilembedwe. Tisadikire Lachisanu madzulo ndandanda ya ntchito itatuluka kale.

Mawa enafe tidzakhala mamanijala. Tikadzalandira munthu watsopano, tidzayambe tamufotokozera malamulo, ndipo makiyi ndi zida tidzamupatse pambuyo pake.